Drone Ikamazungulira M'malo Moima Pamalo Amodzi: Kufufuza Vuto la Kampasi pa Quadcopter ya Mpikisano

Pali vuto limodzi lomwe limabwerezabwereza pa magulu a ophunzira omanga quadcopter (drone ya mota zinayi) yodziyendetsa yokha, ndipo kawirikawiri limaonekera pamene gulu layamba kupuma poganiza kuti ntchito yaikulu yatha. Woyendetsa amakweza drone pa Stabilize, mode yomwe amaiyendetsa ndi manja, ndipo imamvera bwinobwino, amasinthira ku AltHold ndipo imasunga kutalika komwe yafika, koma akangoiika pa Loiter, pomwe iyenera kudziimika yokha pamalo amodzi mothandizidwa ndi GPS, imayamba kuyenda mozungulira pang'onopang'ono. Poyamba kuzungulirako kumakhala kochepa moti ena amati ndi mphepo, koma kumakulirakulira ndipo liwiro nalo limawonjezeka, mpaka woyendetsa atailanda kapena drone itakamenya mtengo. Ogwiritsa ntchito ArduPilot ndi PX4, mapulogalamu oyendetsa drone, amalitcha vutoli toilet bowling chifukwa limafanana ndi momwe madzi amazungulirira polowa m'dzenje.

Vutoli silofunika kulizengereza, pakuti ma mode a Auto (kutsata njira yojambulidwa), Guided (kutsata malamulo ochokera pa kompyuta) ndi RTL (kubwerera yokha pomwe inanyamukira) zonse zimadalira maziko omwewo omwe Loiter imadalira. Drone yomwe ikulephera kuima pamalo amodzi singathe kutsata njira yomwe mwaijambulira, singathe kuponya katundu pa chizindikiro, ndipo ngakhale kubwerera pomwe inanyamukira singathe. Pa mipikisano ngati SUAS ya ku America kapena UAS Challenge ya bungwe la IMechE ku Britain, mapointi ambiri amachokera pa zimene drone yachita popanda dzanja la munthu, choncho gulu lomwe silinathetse vutoli limangopita kukaonerera anzawo.

Chomwe chimachitika m'kati mwa drone

Kuti muthetse vutoli muyenera kumvetsa kaye kuti GPS ndi kampasi zimagwira ntchito ziwiri zosiyana. GPS imauza flight controller, kakompyuta komwe kamawongolera drone, pomwe drone ili ndi komwe ikuyenda, koma siidziwa komwe mphuno ya drone yaloza. Ntchito imeneyo ndi ya kampasi. Tiyerekeze kuti mphepo yakankhira drone mita imodzi kum'mawa. Flight controller imaona kuti iyenera kubwerera kumadzulo, ndipo imafunsa kampasi kuti kumadzulo ndi mbali iti ya thupi lake. Ngati kampasi yalakwitsa ndi madigiri 30, drone imapendekera mbali yolakwika pang'ono, n'kukafika pamalo ena omwe si pomwe inachokera. GPS imanenanso kuti malo ndi olakwika, flight controller imakonzanso, koma ndi cholakwika chomwechija cha madigiri 30, ndipo kukonza kulikonse kumabala cholakwika china cha m'mbali. Zolakwika zimenezi zikalumikizana ndizo zimapanga kuzungulira kuja. Kampasi ikalakwitsa ndi madigiri opitirira 90, drone sizungulira n'komwe, imangothawa molunjika, chifukwa kuyesetsa kwake konse kobwerera kumaipititsa kutali.

N'chifukwa chake ndimaletsa magulu kuyamba ndi kusintha ma PID, manambala olamula mphamvu yomwe drone imakonzera cholakwika. Ambiri akaona kuzungulira amathamangira kutsitsa kapena kukweza manambala a Loiter, ndipo nthawi zina kuzungulirako kumachepa, koma kampasi imakhala ikunamabe, ndipo tsiku la mphepo yamphamvu bodzalo limadzaonekera. Ena amayamba kukayikira pulogalamu yomwe analemba pa Raspberry Pi, kompyuta yaing'ono yomwe drone imanyamula, pomwe Loiter siigwiritsa ntchito pulogalamuyo m'pang'ono pomwe.

Zikangoyamba m'mwamba

Woyendetsa akaona drone ikuzungulira asayese kudikira kuti aone ngati ikhazikika, ndipo asakanikize RTL, chifukwa RTL imadalira kampasi yomwe yalakwitsayo. Asinthire ku AltHold kapena ku Stabilize n'kuitsitsa ndi manja. Pa chifukwa chimenechi switch yosinthira ma mode iyenera kukhala pomwe chala chake chimafika osayang'ana, ndipo gulu lisayese Loiter ngati woyendetsa sanazolowere kutera pa Stabilize. ArduPilot ili ndi chitetezo chake chomwe chimatsitsa drone pansi ngati EKF, yomwe imaphatikiza zonena za masensa onse, yaona kuti masensawo akutsutsana kupitirira malire a FS_EKF_THRESH, omwe amabwera ali pa 0.8, koma chitetezocho chimatha kudzuka drone ili kale pamwamba pa anthu kapena pa mpanda.

Ikatera, musasinthe chilichonse musanatulutse log, fayilo yosunga zonse zomwe zachitika pa ulendowo, kuchokera pa microSD ya flight controller. Lembaninso papepala nthawi yomwe kuzungulira kunayamba, batire lomwe linali pa drone, ndi katundu yemwe inanyamula. Zimenezi zimaoneka zazing'ono, koma ndi zomwe zimadzasonyeza gwero la vuto.

Yambani ndi zapansi: kodi kampasi ikuloza koyenera?

Musanaganize za zovuta, tsimikizani kuti kampasi yaikidwa molondola. Pa drone zambiri za ophunzira kampasi imakhala m'kachitini kamodzi ndi GPS, monga u-blox M8N kapena M9N, ndipo pa kachitiniko pamakhala muvi womwe uyenera kuloza kutsogolo mofanana ndi muvi wa pa flight controller ya Pixhawk. Kamtengo konyamula GPS kamatha kupotoka drone ikagwa kapena ikanyamulidwa m'galimoto, ndipo kupotoka kwa madigiri 15 diso silikuona msanga. Gwirani kachitiniko ndi zala n'kuyesa kukapotoza. Ngati kakusuntha, mangani kaye musanapitirire.

Kenako tulukani panja, lozetsani mphuno ya drone kumpoto, iyatseni, ndipo muone pa Mission Planner kapena QGroundControl, mapulogalamu a pa kompyuta olumikizana ndi drone, ngati ikunena madigiri oyandikira 0. Izimitseni, ilozetseni kum'mawa, iyatseninso, ndipo muone ngati ikunena pafupifupi 90; chitani chimodzimodzi kum'mwera ndi kumadzulo. Kuzimitsa ndi kuyatsanso n'kofunika chifukwa mukangoitembenuza ili chiyakire, gyro, sensa yomva kutembenuka, imatsata kutembenukako bwinobwino n'kubisa cholakwika cha kampasi kwa kanthawi. Ngati mbali zonse zinayi zalakwika ndi madigiri ofanana, monga 90 kapena 180, ndiye kuti COMPASS_ORIENT, yomwe imauza flight controller momwe kampasi yakhalira, ndi yolakwika. Izi zimachitika kwambiri ndi ma GPS otsika mtengo omwe pa bokosi amalemba HMC5883L pomwe m'kati muli QMC5883L kapena chip ina yoikidwa mozondoka. Koma ngati mbali zina zili bwino ndipo zina zalakwika, vuto ndi calibration, ntchito yochuna kampasi kuti iziloza molondola, kapena chitsulo chomwe chili pafupi.

Pomwe munachitira calibration

Magulu ambiri amachita calibration ya kampasi m'chipinda chogwirira ntchito, pa tebulo la miyendo yachitsulo, pansi pa denga la malata, pa simenti yomwe m'kati mwake muli zitsulo, wogwira drone ali ndi foni m'thumba ndi makiyi m'chiuno. Pulogalamu imatha kuvomereza calibration yotere popanda kudandaula, koma zomwe yasunga zimakhala za chipindacho. Pitani pakati pa bwalo la mpira, kutali ndi zigoli, magalimoto ndi mawaya a magetsi, siyani foni ndi wotchi patali, dikirani GPS igwire ma satellite, ndipo muitembenuze drone mbali zonse pang'onopang'ono ili ndi zonse zomwe imauluka nazo: batire lomangidwa pamalo pake, kamera, kompyuta yaing'ono ndi chonyamulira katundu. Mukadzasuntha chimodzi mwa zimenezi, bwerezani calibration.

Mawaya a batire ndiwo amavuta kwambiri

Ngati zapansi zonse zili bwino koma m'mwamba drone ikuzungulirabe, pafupifupi nthawi zonse chifukwa chake ndi magetsi omwe amayenda m'mawaya mota zikamazungulira. Waya aliyense yemwe mukudutsa magetsi amapanga mphamvu ya maginito momuzungulira, ndipo mphamvuyo imakula molingana ndi kuchuluka kwa magetsiwo. Mphamvu ya maginito ya dziko lapansi, yomwe kampasi imafuna kumva, ndi yofooka kwambiri: imakhala pakati pa ma microtesla 25 ndi 65 kutengera dera. Waya mmodzi wowongoka wonyamula ma ampere 20 amapanga ma microtesla 80 pa mtunda wa masentimita 5, ndipo pa masentimita 15 amapangabe pafupifupi 27. Quadcopter yonyamula katundu imatha kukoka ma ampere 20 ili chiimire m'mwamba, ndipo ikamakwera imakoka oposa pamenepo. Ndiye ngati kampasi ili pafupi ndi waya wa batire, imamva wayayo kuposa dziko lapansi, ndipo kumpoto kwake kumasuntha nthawi iliyonse throttle, mphamvu yopita ku mota, ikakwera kapena kutsika. Pansi mota zisanayambe, zonse zimaoneka zolondola, n'chifukwa chake vutoli limasokoneza anthu.

Kwa ife a kum'mwera kwa Africa nkhaniyi ndi yofunika kuisamala, chifukwa kuno mphamvu ya maginito ya dziko ili kumunsi kwa malire aja, pafupifupi ma microtesla 30, komanso imalowa mopendekeka, moti gawo lomwe limasonyeza kumpoto limatsala laling'ono. Kamangidwe komwe kamauluka bwino kwina kakhoza kuzungulira pa bwalo la ndege la Kasungu, komwe boma la Malawi ndi UNICEF anatsegula malo oyesera ma drone mu 2017, kapena kwa ophunzira a African Drone and Data Academy yomwe inayamba ku Lilongwe mu 2020. Musatengere chithunzi cha drone ya gulu lakunja n'kuganiza kuti mtunda womwe iwo anasiya pakati pa GPS ndi batire ukwaniranso kwa inu.

Log imasonyeza zimenezi momveka. Tsegulani fayilo ya ulendo uja n'kujambula MAG.MagX, MagY ndi MagZ (mizere ya kampasi) pamodzi ndi BAT.Curr (mzere wa magetsi), kapena ndi CTUN.ThO (mzere wa throttle) ngati mulibe choyezera magetsi. Ngati mizere ya kampasi ikukwera ndi kutsika pamodzi ndi mzere wa magetsi pomwe drone sinatembenuke, mwapeza gwero. Onaninso XKF4.SM, yomwe imasonyeza momwe EKF ikukayikirira kampasi: ikamadumpha nthawi yomwe throttle yakwera, umboni wakwanira.

Kukonza kwake ndi kwa manja. Waya wofiira ndi wakuda ochokera ku batire apoteni pamodzi ngati chingwe, chifukwa magetsi amayenda mbali zosiyana mwa awiriwo ndipo mphamvu zawo za maginito zimafafanizana akakhala moyandikana. Akatalikirana n'kupanga chizungulire amasanduka maginito weniweni. Chitani chimodzimodzi ndi mawaya opita ku ESC iliyonse (kachipangizo kolamula liwiro la mota), afupikitseni momwe mungathere, ndipo muwadutsitse pansi pa frame. Mawaya atatu ochoka ku ESC kupita ku mota savuta kwenikweni poyerekeza ndi amenewa. Kwezani GPS pa kamtengo kautali, kuyambira masentimita 10 kupita m'mwamba, ndipo ngati frame ilola ikani kamtengoko mbali yotalikirana ndi pomwe mawaya a batire amatulukira. Masikuluwu omangira kamtengoko akhale a nayiloni, a aluminiyamu kapena a brass. Mukakayikira, yandikizani maginito ku sikuluwu ili m'manja musanaimange, ikakakamira isiyeni. Potsiriza, zimitsani kampasi ya m'kati mwa Pixhawk, yomwe imakhala pamwamba penipeni pa mawaya a magetsi, ndipo kampasi ya pa kamtengo ikhale yoyamba pa mndandanda.

Mukakonza zimenezi mukhoza kuyeza zomwe zatsala. CompassMot ya mu Mission Planner imafuna kuti mapulopela muwazondotse n'kuwasunthira ku mota yotsatira kuti azikankhira drone pansi, muimange bwino, kenako mukweze throttle pang'onopang'ono mpaka pakati pa 50 ndi 75 peresenti n'kuitsitsa msanga. Zotsatira zosafika 30 peresenti ndi zovomerezeka, za pakati pa 30 ndi 60 ndi zokayikitsa, ndipo zopitirira 60 zikutanthauza kuti mubwerere ku mawaya ndi kamtengo. Ine ndimakonda chida cha MAGFit cha pa intaneti, chomwe chimawerengera zomwezo kuchokera mu log ya ulendo weniweni, chifukwa kuyatsa mota zinayi mwamphamvu pakati pa ophunzira odzazana pa tebulo ndi ngozi yomwe ingapewedwe. Zida ziwirizi zimangochotsa zotsalira. Drone ya 80 peresenti singachire ndi manambala.

Maginito omwe simukuwaganizira

Gulu lina lomwe ndinkalithandiza linataya masabata awiri pa vuto lomwe linkabwera ndi kupita. Masiku ena drone inkaima ngati yokhomedwa, masiku ena inkazungulira itangonyamuka, ndipo mawaya anali opotedwa bwino, kamtengo kanali kautali. Tinayala ma log asanu ndi limodzi pa laputopu n'kuwayerekeza ndi pepala lomwe mtsikana mmodzi wa m'gululo ankalembapo ulendo uliwonse, ndipo tinaona kuti maulendo onse oipa anali omwe drone inanyamula kabokosi ka katundu woponya. Titatembenuza kabokosiko tinapeza timaginito tiwiri ta neodymium, tating'ono ngati mbewu ya nyemba, tomwe mmodzi wa iwo anamata pa chivundikiro kuti chisamatseguke m'mwamba. Calibration inachitika popanda kabokosiko. Pa ulendo wina log inasonyeza mzere wa MagZ ukudumpha pa sekondi yomwe servo, kamota kotsegula kabokosiko, inamasula katundu, ndipo kuchokera pamenepo drone inakhazikika. Anachotsa timaginitoto n'kuikapo kalabala, vutolo silinabwerenso.

Kuyambira pamenepo ndimafufuza chilichonse chomwe chili pa drone ndi funso limodzi: kodi chili ndi maginito? Buzzer ili ndi maginito m'kati, servo ili ndi mota, kafani koziziritsa kompyuta yaing'ono ya Jetson Nano kali ndi mota, gimbal yogwirizira kamera nayo chimodzimodzi, ndipo chomasulira katundu cha electromagnet chimasintha mphamvu yake pakati pa ulendo, zomwe calibration iliyonse singazikonze. Njira yosavuta ndi kuyang'ana manambala a kampasi pa kompyuta kwinaku mukuyandikiza ndi kuchotsa chinthu chilichonse pamalo pomwe chimakhala, komanso kuyatsa ndi kuzimitsa chilichonse chomwe chimadya magetsi.

Ngati kampasi ilibe mlandu

Pali mavuto ena awiri omwe amafanana ndi ili koma mayendedwe ake ndi osiyana. Kampasi yolakwika imapanga kuzungulira kosalala komwe kumakula mwadongosolo. GPS yosokonezeka imachititsa drone kuyendayenda mopanda dongosolo kapena kudumphira mbali mwadzidzidzi. Pa drone za mpikisano gwero lake nthawi zambiri ndi kompyuta yaing'ono ndi kamera yake, makamaka chingwe cha USB 3.0, chomwe chimatulutsa phokoso la wailesi lofika mpaka pa 1575.42 MHz pomwe GPS imamvera, ndipo uthenga wa ma satellite umafika pansi uli wofooka kale. Yesani motere: ikani drone panja kompyuta yaing'onoyo ili yozimitsa, lembani chiwerengero cha ma satellite ndi HDOP (nambala yomwe imakwera kulondola kwa GPS kukamachepa), kenako yatsani kompyuta ndi kamera n'kuyambitsa pulogalamu yanu yozindikira zithunzi. Ngati ma satellite atsika kapena HDOP yakwera kupitirira 1.4, yomwe ndi malire omwe ArduCopter imabwera nawo, sinthani chingwecho ndi chachifupi chokutidwa bwino, chitalikitseni ndi GPS, ndipo pansi pa GPS muikepo kachitsulo kopyapyala ka kopa kotchinga phokosolo.

Kunjenjemera nako kumasokoneza EKF, koma kumaonekera kale pa AltHold, drone ikamakwera yokha kapena kupendekera mbali popanda chifukwa. Mu log onani VibeX, VibeY ndi VibeZ, zomwe zimayeza kunjenjemerako: pansi pa 30 ndi bwino, kupitirira 30 pamayamba kukhala mavuto, ndipo kupitirira 60 mavuto amakhalapo pafupifupi nthawi zonse. Manambala a Clip akamakwera pakati pa ulendo ndiye kuti accelerometer, sensa yomva kusintha kwa liwiro, ikufika pamapeto a zomwe ingayeze. Pulopela yong'aluka, mota yokhota shafti pambuyo pa kugwa, mkono wa frame womasuka, kapena waya wokoka flight controller n'kulepheretsa siponji yake kugwira ntchito, ndizo zoyamba kuziyang'ana.

Kuyesanso, ndi tsiku la mpikisano

Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo uliwonse, ndipo sungani fayilo ya ma parameter musanasinthe. Gulu likasintha kamtengo, mawaya ndi ma PID tsiku limodzi, vuto likatha silidziwa chomwe chathandiza, ndipo likadzabwerera amayambiranso pachiyambi. Poyesa, nyamukani pa AltHold, kwerani mamita asanu, ikani Loiter kwa mphindi imodzi mphuno italoza kumpoto, kenako tembenuzani kum'mawa, kum'mwera ndi kumadzulo, mukudikira pa mbali iliyonse, chifukwa cholakwika cha kampasi chimatha kubisala mbali imodzi n'kuonekera mbali ina. Kwezani throttle mwamphamvu kamodzi muli pa Loiter kuti muone ngati mphuno ikugwedezeka. Bwerezani zonsezi katundu ali pa drone komanso ataponyedwa, ndi batire lodzaza komanso lomwe latsala pang'ono kutha, pakuti volteji ikatsika drone imakoka ma ampere ambiri kuti ikhalebe m'mwamba. Zikatheka zimenezi m'pomwe muyese RTL pafupi, kenako Auto ya malo anayi okha oti drone idutsemo.

Gulu lomwe lili ndi ndalama zokwanira, kapena lomwe drone yake iyenera kuuluka pafupi ndi zitsulo, likhoza kuika ma GPS awiri a u-blox F9P motalikirana kuti EKF ipeze komwe mphuno yaloza kuchokera kwa iwo popanda kudalira kampasi, koma njira imeneyi ili ndi zosamala zake ndipo si yoyambira kwatsala sabata imodzi.

Popita ku mpikisano drone imapasulidwa n'kulongedzwa, ndipo pomanganso kamtengo ka GPS kamatha kubwerera kopotoka pang'ono, kapena batire kumangidwa mawaya ake ataloza mbali ina. Ikani chizindikiro cha penti pa kamtengo ndi pa tsinde lake musanapasule, ndipo jambulani momwe mawaya adutsira. Mukafika, bwerezani kuyesa kwa mbali zinayi kuja pa udzu, ndipo yang'anitsitsani pomwe akupatsani kuti munyamukire: ngati ndi pa simenti yokhala ndi zitsulo m'kati kapena pafupi ndi chivundikiro chachitsulo cha ngalande, EKF imatenga kumpoto kolakwika drone isananyamuke. Mission Planner ikalemba uthenga wa PreArm, chenjezo loletsa mota kuyamba, wokhudza kampasi pamalo oterowo, musazimitse chitetezo chimenechi pofuna kupulumutsa nthawi. Pemphani oweruza kuti musunthe drone mamita angapo, iyatseninso, ndipo muone ngati uthengawo wachoka.